Ndine mmisiri, satifiketi ya management ndiifuniranji? Mafunso ndi mayankho kwa a kuno kuchigwa

Ine ndinayamba ndi ovolosi, tesita ili m'thumba. Ndagwira ntchito ya magetsi ndi mapampu kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje kwa zaka zambiri, kenako anandipatsa ukapitawo, ndipo imvi zoyamba zitatuluka ndinabwerera m'kalasi kukaphunzira kayendetsedwe ka ntchito, zomwe tonse timangoti kosi ya management. Chibwerereni kumeneko amisiri achinyamata sandipatsa mpata. Amandifunsa m'minibasi yokwera ku Blantyre, pa Dyeratu podikira galimoto, ngakhale pamaliro tikamawotha moto usiku. Mafunso ake ndi omwewomwewo, ndiye ndati ndiwayankhe pamodzi.

Kodi masatifiketi amenewa ndi ati kwenikweni?

Si amtundu umodzi, ndipo ambiri amasokonezeka pomwepa. Alipo a mabungwe a ku Britain monga ABE, ICM ndi ABMA. Mabungwe amenewa ndiwo amakonza mayeso ndi kupereka pepala, koleji ya ku Limbe kapena ku Blantyre ntchito yake ndi kukuphunzitsani chabe. Alipo a masukulu athu akuno, monga MUBAS yomwe kale inali Polytechnic, ndi Malawi School of Government imene inabadwa ataphatikiza MIM ya ku Kanengo ndi SDI ya ku Mpemba. ESAMI, sukulu ya management yomwe likulu lake lili ku Arusha ku Tanzania, imaphunzitsanso anthu kuno kwathu. Kenako pali mapepala oyendetsera mapulojekiti, odziwika kwambiri ndi PMP ndi PRINCE2.

Palinso kapepala kamene amakupatsani mukakhala masiku atatu mu holo ya hotelo, kudya nkhuku ndi kulandira alawansi. Kameneko kamangochitira umboni kuti munalipo. Sungani mufayilo, koma musamakawerengere pamodzi ndi enawa.

Ntchito ndimaidziwa kale. Pepala lindiwonjezera chiyani chimene manja anga sadziwa?

Funso limeneli ndinkalifunsa ndine, mokwiyanso. Ndikuuzeni chimene chinanditembenuza mtima.

Pamalo ena pamene ndinkagwira panali mota yaikulu ya pampu yokoka madzi mumtsinje. Mabering'i ake anayamba kulira. Mmisiri aliyense amakudziwa kulira kumeneko: umatsamiritsa nsonga ya sikuludiraiva pa mota, chogwirira uika kukhutu, umamva ngati wina akukazinga mchenga m'chiwaya. Ndinapita kwa abwana n'kunena kuti, "Bwana, mota ija ikudwala, tisinthe mabering'i isanafe." Anandiyankha kuti bajeti ya mwezi uno yatha, tiona. Mwezi wotsatira ndinabwerezanso, pakhomo la ofesi yawo, iwo akutsegula galimoto. Mu Okutobala, dzuwa lija la kuno limene phula amafewa pamsewu, mota inapsa. Masiku angapo mbewu zinakhala zopanda madzi. Pamsonkhano wofufuza chinachitika, funso linali limodzi: "Munalemba kuti?" Sindinalembe paliponse. Kalata yochenjeza inabwera kwa ine.

Ndili kukosi, mphunzitsi anatipatsa ntchito yolemba tsamba limodzi lopempha ndalama. Mtengo wa mabering'i pamwamba. Pansi pake mtengo wokulunganso waya wa mota ikapsa, kuphatikiza galimoto yoitengera ku Blantyre. Pansi pakenso masiku amene pampu idzaime, ndi mahekitala amene adzaume. Ndinakhala ndikuliyang'ana tsamba lija, mtima ukuwawa, chifukwa zonse zinali pamenepo ndinkazidziwa kale chaka chija. Chimene sindinkadziwa ndi chinenero cha anthu osunga ndalama. Iwo kulira kwa bering'i sakumva, amamva manambala awiri oyikidwa moyandikana.

China ndi malamulo a ntchito. Kapitawo wongokwezedwa kuchokera pa sipanala amaganiza kuti munthu akabwera ataledzera ungomuuza kuti "usabwerenso mawa", nkhani yatha. Lamulo la Employment Act la 2000 limati pochotsa munthu pakhale chifukwa chomveka, ndiponso apatsidwe mpata wodziteteza. Mukalumpha zimenezo kampani imakapezeka ku khoti la milandu ya pantchito, Industrial Relations Court, ndipo dzina lotchulidwa kumeneko ndi lanu. Lamulo lomwelo limanena za maola 48 pa sabata ndi za ovataimu. Lamulo la 1997 loona za chitetezo ndi umoyo pantchito nalo limakugwerani mnyamata wanu akagwidwa ndi magetsi alibe magolovesi. Ku Soche Technical kapena ku Nasawa anatiphunzitsa bwino kumanga sitata ya mota, koma za kuyendetsa mlandu wa wantchito sizinali m'gulu la zimene tinkapitira kumeneko.

Ndikangobweretsa pepalalo, malipiro akwera?

Ayi. Makampani ambiri amalipira mpando, salipira fayilo. Mukapereka satifiketi ku ofesi yoona za antchito adzakuyamikani, aijambule, aiike mukabati, ndipo pakutha pa mwezi mulandira zomwe zija.

Pepala limagwira ntchito tsiku limene mpando watseguka. Pa malo amodzi a supavaiza pamabwera makalata mulu, ndipo munthu woyamba kuwasankhula nthawi zambiri sanagwirepo waya. Iye amangoyang'ana zimene zinalembedwa pa chilengezo: dipuloma ya zamagetsi ilipo, zaka zisanu zilipo, pepala la management lilipo kapena palibe. Amene alibe amagwera kumanzere asanaonane n'komwe ndi injiniya amene akanazindikira luso lawo. Zimawawa, koma ndi mmene zimayendera. Mukalowa m'chipinda cha intavyu pepala limakhala latha ntchito yake, zotsalazo ndi za m'mutu mwanu.

Ndili ndi Grade 2 ya mayeso a umisiri (Trade Test). Ndiyambe management kapena ndimalize kaye za ntchito yangayi?

Malizani kaye yanuyo, achimwene. Mapanga awiri avumbwitsa. Grade 1, Advanced Craft kapena dipuloma ya ntchito yanu ndiwo maziko, management ndi denga. Ndaona anyamata angapo amene anasiya za umisiri pakati n'kuthamangira dipuloma ya bizinesi. Lero akapempha ntchito ya muofesi amapikisana ndi ana a digiri ya ku yunivesite n'kugwa, akapempha ya kuwekishopu amauzidwa kuti giredi yawo ndi yotsika. Mphamvu yanu pamsika wa ntchito ndi yoti muli nazo ziwiri, umisiri ndi management, pamene mnzanu wa digiri ya bizinesi ali ndi chimodzi.

Musaiwalenso zilolezo za ntchito yanu. Wa magetsi amene akufuna kumawayala nyumba za anthu amafunika chilolezo cha MERA. Mainjiniya ndi matekinishani amalembetsa ku Malawi Engineering Institution. Palibe satifiketi ya management imene ingalowe m'malo mwa zimenezi.

Nanga kuno kuchigwa ntchito zofuna mapepala otere zili kuti? Si za ku Blantyre ndi ku Lilongwe zimenezi?

Anthu akumtunda amatidziwa ndi kutentha, udzudzu ndi madzi osefukira basi, koma makina amene ali m'chigwa muno si ochepa. Fakitale ya shuga ya ku Nchalo yakhala ikugaya nzimbe kuyambira m'zaka za m'ma 1960, ikadali SUCOMA, lero ndi ya Illovo. Pa Dyeratu pali PressCane yopanga ethanol. Ku Kapichira kuli makina a EGENCO opanga magetsi pafupifupi 130 MW. Alimi a nzimbe a ku Kasinthula ndi a ku Phata ali ndi mapampu, mapaipi ndi mathirakitala ofunika owayang'anira. Konseku kuli magulu a amisiri, ndipo gulu lililonse lili ndi wina amene amakonza mashifiti, kuitanitsa masipeya ndi kuyankha makina akaima.

Pamwamba pa izi pali ngalande ya Shire Valley Transformation Programme, yotenga madzi ku Kapichira kutsikira kumunsi cha ku Bangula, yomwe cholinga chake ndi kuthirira mahekitala opitirira 40,000. Ndalama zake zambiri ndi za World Bank ndi African Development Bank, ndipo ntchito za mabungwe otere zimayenda ndi malipoti, ndondomeko za masiku ndi malamulo ogulira katundu. Ngalandeyo ikadzatha, minda ya makoparetivu idzafuna anthu oyendetsa madzi tsiku ndi tsiku: kugawa nthawi yothirira, kutolera ndalama zokonzetsera, kukambirana ndi mafumu pakabuka mkangano. Munthu wodziwa geti ya madzi amenenso amatha kuwerenga bajeti adzafunidwa. Ine nkhawa yanga ndi yoti mipando imeneyi idzadzaza ndi anthu otsika kuchokera kumtunda Lolemba n'kukwera Lachisanu, ife eni dera tikuwanyamulira mabokosi a zitsulo.

Namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko lonse linakhala m'mdima wosinthanasinthana kupitirira chaka. Freddy anabweranso mu Malichi 2023 n'kukokolola misewu, milatho ndi masikimu. Ntchito yokonzanso zimenezi imabwera ngati mapulojekiti, ndipo kontrakita akafika amafunafuna munthu wa konkuno woti amusiyire gulu la anthu 30 osada nkhawa.

PMP ndi PRINCE2 ndimazimva kawirikawiri. N'zofunika kwa ine?

PMP ndi ya bungwe la ku America lotchedwa Project Management Institute, ndipo si ya woyamba kumene. Amafuna kuti mukhale mutatsogolerapo mapulojekiti kwa miyezi 36 ngati muli ndi digiri, kapena miyezi 60 ngati munalekezera sekondale, kuwonjezera maola 35 a maphunziro ake. Mayeso ake ndi aatali, a m'Chingerezi chokhotakhota, ndipo pepalalo silikhala mpaka kale: zaka zitatu zilizonse muyenera kuonetsa kuti mwapitiriza kuphunzira ndi kulipiranso. Bungwe lomwelo lili ndi pepala laling'ono lotchedwa CAPM la anthu amene sanafike zaka zimenezo. PRINCE2 inachokera ku Britain, ili ndi gawo la Foundation lomwe aliyense angayambe, kenako Practitioner.

Ngati ntchito yanu ndi yosamalira makina omwewo chaka ndi chaka, izi si zoyamba kuthamangira. Ngati mumayenda ndi makontrakita kapena mabungwe, lero mlatho, mawa sikimu, zikhoza kukuthandizani kwambiri. Njira yosavuta yodziwira ndi iyi: kwa miyezi itatu muzidula zilengezo za ntchito za m'nyuzipepala za Nation ndi Daily Times zimene mumazisirira, muzilemba pambali pepala limene akufuna. Limene latchulidwa kambiri ndi limenelo. Osagula pepala chifukwa mnzanu wa pa WhatsApp walitama.

Ndingadziwe bwanji kuti sukulu si yachinyengo?

Safunsa anadya phula. Bungwe la NCHE ndi limene limalembetsa ndi kuvomereza masukulu a ukachenjede ndi maphunziro ake, ndipo limatulutsa mndandanda. Muyang'ane zinthu ziwiri, dzina la sukulu ndi dzina la kosi, chifukwa sukulu ikhoza kukhala yovomerezeka pamene kosi imene mukufunayo sinavomerezedwe. Za ntchito zamanja zimayang'aniridwa ndi TEVETA. Ngati pepala ndi la bungwe lakunja, lowani pa tsamba la bungwelo pa intaneti muone ngati kolejiyo ili m'gulu la malo awo, ndipo mukalembetsa muumirire kuti akupatseni nambala yanu ya umembala yochokera kubungweko.

Za nambalayi ndikunena chifukwa zinandionekera. Koleji ina inatitolera ndalama za mayeso, ife n'kumawerenga usiku ndi usiku, ndipo patatsala sabata ziwiri tinamva kuti mayina athu sanatumizidwe. Ndalama zija zinali zitalipira lendi. Tinadikira miyezi ina kuti tilembe. Chikomekome cha mkuyu: chikwangwani chinali chokongola, mlembi wake waulemu, koma m'kati munali nyerere.

Amene akukulonjezani dipuloma m'milungu isanu ndi umodzi popanda mayeso, muthaweni.

Ndalama zake zimakhala zingati, ndipo ndingazipeze kuti?

Mitengo sindiilemba pano chifukwa imasintha musanamalize kuwerenga. Chofunika kudziwa n'choti mapepala akunja ali ndi malipiro awiri: fizi ya koleji ya m'makwacha, ndi ndalama ya mayeso ndi umembala ya m'mapaundi kapena m'madola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anthu amene anali pakati pa kosi anadzuka ndi bilu imene sanaikonzekere, ena n'kusiyira pomwepo. Kupezanso ndalama zakunjazo kubanki ndi nkhani ina. Pa chifukwa chimenechi, kwa munthu wodzilipirira yekha pa malipiro a mmisiri, ine ndimakonda kulangiza kosi yakuno yovomerezeka, pokhapokha ngati ntchito imene mukuifuna imatchula pepala lakunja ndi dzina.

Musanagulitse mbuzi, kagogodeni ku ofesi yoona za antchito. Olemba anthu ntchito amapereka 1 peresenti ya ndalama zamalipiro ngati msonkho wa TEVET, ndipo makampani akuluakulu amakhalanso ndi thumba lawo la maphunziro limene nthawi zina chaka chimatha lisanakhudzidwe, chifukwa amisiri amaona ngati ndi la anthu a mataye okha. Akavomera, kawirikawiri amakusainitsani pangano loti mugwirabe kwa iwo zaka zakuti mukamaliza, mukachoka msanga mubweza. Liwerengeni bwino panganolo kunyumba, osati mutaimirira pamaso pa abwana.

Muwerengerenso thiransipoti. Kwa wa ku Nsanje kapena ku Bangula, yokwera ndi kutsika Loweruka lililonse ikhoza kuposa fizi yeniyeniyo.

Ndimagwira mashifiti, kwinaku banja. Nthawi yophunzira ndiitenga kuti?

Apa sindikunamizani, n'zowawa. Ine ndinkadzuka 3 koloko m'mawa Loweruka, kukwera minibasi yoyamba, kudutsa mlatho wa Kamuzu kusanache, pa Thabwa apolisi atiimitse, kenako kukwera phiri lija galimoto ikulira giya wani. Ndinkafika m'kalasi mutu uli wolemera, malaya atanyowa kumsana. Madzulo ulendo womwewo kutsika, mabuleki akununkha.

Masiku ano kuli kosi za pa intaneti ndi zongopita sabata imodzi pa miyezi ingapo, zomwe zimapepukitsa. Koma netiweki ya kumadera ngati East Bank ndi magetsi athuwa mukuzidziwa, choncho funsani kaye ngati maphunziro ake amatheka kuwatsitsa pafoni n'kumawerenga opanda data. Ogwira za nzimbe aganizirenso kalendala yawo. Nthawi yogaya ili ndi mashifiti ake, ndipo fakitale ikaima nyengo ya mvula m'pamene amisiri amaphwasula makina onse, ovataimu tsiku ndi tsiku. Onani mwezi wa mayeso musanalipire, kuti usagwere pamene kapitawo wanu sangakumasuleni ngakhale tsiku limodzi.

Nthawi yabwino yowerenga kuno ndi m'bandakucha. Madzulo m'nyumba ya malata mu Novembala palibe chimene chingalowe m'mutu.

Chingerezi changa ndi cha kuwekishopu. Ndingakhoze?

Mungakhoze. Ngati mumawerenga buku la makina lochokera ku Germany n'kumanga panelo osaphulitsa, ndime ya management singakukanikeni. Chimavuta ndi kulemba, chifukwa mayeso ake amafuna ndime zazitali, pamene ife tinazolowera kulemba "replaced bearing, tested OK" pa job card. Yambani lero kulemba lipoti la theka la tsamba pa ntchito iliyonse yaikulu, mupatse wina wodziwa akukonzereni. Pofika mayeso dzanja lidzakhala litamasuka.

Ndili ndi wekishopu yangayanga pa Ngabu, sindifuna kulembedwa ntchito. Zikundikhudza?

Pepalalo mwina ayi, koma zimene zili m'kati mwake zikukukhudzani kuposa wina aliyense. Owotcherera ndi amakaniko ambiri amene ndimawadziwa ntchito ali nayo yambiri, ndalama alibe. Polemba kotesheni amawerengera zitsulo ndi marodi, n'kuiwala magetsi, lendi, disiki ya girainda, malipiro a anyamata ndi tsiku lawo lomwe. Ndalama ya kasitomala ndi ya ndiwo zimakhala m'thumba limodzi. Kosi yaifupi ya kasungidwe ka mabuku ndi kawerengedwe ka mtengo ikukwanirani, simukufunika dipuloma ya zaka ziwiri. Koma mukayamba kufuna matenda a ku khonsolo kapena a mabungwe, mudzaona kuti amafunsa mapepala a kampani, a msonkho ndi a anthu amene adzayang'anire ntchitoyo.

Ndine mayi, ndinaphunzira za magetsi. Amuna a m'gulu langa adzandimvera chifukwa cha pepala?

Chifukwa cha pepala lokha, ayi, ndipo zimenezo n'chimodzimodzi kwa mwamuna. Kusiyana kwake n'koti inu adzakuyesani kawiri. Mayi wina amene ndinagwira naye, sabata yake yoyamba ya usupavaiza, madala ena anamusiyira dala vuto pa panelo kuti aone. Anavula wotchi, anatenga mita, mphindi zochepa anapeza waya wa kontakita umene unamasulidwa, n'kufunsa modekha kuti, "Akulu, uyu wamasuka yekha?" Nkhani inathera pomwepo. Pepala linamuthandiza kwina: pamene ena a muofesi ankafuna kunena kuti sanakonzeke kukhala pampando, panalibe poti agwire.

Kodi kosi imaphunzitsa zonse zofunika poyang'anira anthu?

Mabuku ake ambiri analembedwera kutali, ndipo zitsanzo zake ndi za masitolo a ku London. Sadzakuuzani chochita pamene theka la gulu lanu latsekeredwa kutsidya chifukwa Shire wadzaza, kapena pamene maliro a kwa mfumu agwera tsiku lomwe munakonza zozimitsa makina. Sadzakuuzani mmene mungadzudzulire bambo wa msinkhu wa atate anu amene anakuphunzitsani kugwira pulayala, kuti muyenera kumutengera pambali, kuyamba ndi "madala", mwinanso kulankhula Chisena kapena Chimang'anja chake m'malo mwa Chingerezi cha m'kalata. Zimenezi ndinaphunzira kwa makapitawo akale amene sanaone khomo la koleji.

Ndiye mukabwera ndi pepala, musabwere nalo pamphumi. Anyamata a kuwekishopu sachedwa kupereka dzina kwa munthu amene wayamba kulankhula za "key performance indicators" makina akutuluka utsi.

Bwanji ngati ine ubwana sindiufuna?

Palibe cholakwa. Walira mvula walira matope: mpando umabwera ndi misonkhano, foni yolira pakati pa usiku, ndi kusaina kalata yochotsa mnzanu amene munkadya naye nsima m'mbale imodzi. M'makampani ena ukakwezedwa ovataimu imatha, moti mwezi wina mmisiri amene ukumuyang'anira amalandira zokuposa. Ine mpaka lero ndimasowa fungo la vanishi ya mota yongokulungidwa kumene.

Ngati mtima wanu uli pa makina, ndalama imeneyo ikaikeni pa luso limene likusowa kuno: ma PLC (timakompyuta toyendetsa makina), mapampu a sola, makina oziziritsa, kuwotcherera kwa mapaipi a nthunzi. Chokhacho chimene ndingakupempheni ndi choti mubwereke buku limodzi kwa mnzanu amene akuchita kosiyo, muwerenge mutu wa bajeti ndi wa kalembedwe ka lipoti. Ndipo bering'i ikayamba kulira, lembani, muike deti, musungeko kope yanu.